Mankhwala a Khunyu ndi Mtima Wolemera



Lero sitiyamba ndi zilembo. Makope mutseke pang'ono, mapensulo muike pansi. Tili ndi nkhani imene takhala nayo kwa miyezi ingapo, ndipo tagwirizana m'brigada mwathu kuti tiilankhule pamaso panu. Ife ndife ana kwa ambiri a inu. Ife si madokotala, ndiponso si anamwino. Zimene tinene pano, zina tinamva kwa ogwira ntchito zaumoyo, zina tinawerenga, koma zina tinaphunzira chifukwa cha kulakwa kwathu. Tiyamba ndi kulakwako.

Chaka chatha brigada yathu inkaphunzitsa m'mudzi wina wa boma lino la Angónia, kutali ndi pano. M'kalasi munali mayi wina wa zaka ngati 40. Dzina sititchula, ngakhale eni ake anatilola kufotokoza nkhani yawo. Pa mkono wawo wamanja panali chipsera chachikulu cha moto. Aliyense m'mudzimo ankadziwa kumene chipseracho chinachokera. Mayiwa anali ndi matenda a khunyu, amene ena amati matenda akugwa, ena amati njirinjiri, ndipo tsiku lina anagwera pamoto akuphika nsima. Koma pa maphunziro anali patsogolo. Ndiwo anayamba kulemba dzina lawo anzawo onse asanathe.

Itatha nthawi yokolola, mlongo wawo anapita nawo kuchipatala, ndipo anapatsidwa mapiritsi. Kugwa kunaleka. Mwezi unatha osagwa, wachiwiri unatha osagwa. Munthu amene ankagwa kawiri kapena katatu pa mwezi! Tonse tinakondwa.

Koma tinayamba kuona zina. Mayi aja ankafika mochedwa. Ife tikuwerenga pa bolodi, iwo akusinza. Tikawafunsa chilembo chimene ankachidziwa bwino lomwe, ankangotiyang'ana. Tsiku lina mnzathu wina anawaitana kuti akalembe pa bolodi. Anaimirira, nagwira choko, misozi n'kuyamba kutsika popanda wowanena kanthu. Kenaka anasiya kubwera.

Nanga ife aphunzitsi tinachita chiyani? Tinatsegula buku la mayina, ndipo pambali pa dzina lawo tinalemba mawu amodzi: ulesi. Pa msonkhano wa brigada tinauzana kuti mayi aja atopa nayo sukulu. Palibe mmodzi wa ife amene anapita kunyumba kwawo kukafunsa. Nyumbayo inkaoneka titaima pansi pa mtengo umene tinkaphunzirira.

Kunyumbako zinthu zinali zitaipa. Amuna awo ankati, "Uyu si mkazi amene ndinakwatira. Kale ankagwa, inde, koma akadzuka ankaseka, ankalima. Tsopano akungokhala pakhonde ngati wofedwa." Achibale ena ankati mapiritsi akuchipatala akuwamwa magazi. Ena ankati pali munthu wawalodza, poona kuti kugwa kwatha. Eni ake sankadziwa chowavuta. Ankangoti, "Mtima wanga walemera ngati mphero." Nsima sinkawakomera. Ana akamasewera pabwalo, phokoso lawo linkawapweteka. Usiku wina anatenga mapiritsi onse nawataya m'chimbudzi.

Patapita masiku owerengeka anagwa. Kugwa kumeneku sikunali ngati kwa kale. Kale ankagwa n'kutsitsimuka posachedwa. Tsiku limenelo, akuti atsitsimuke, kugwa kwina kunkabwera pamwamba pake. Anawanyamula pa ngolo mpaka kuchipatala. Anapulumuka, koma panatsala pang'ono.

Atapeza bwino, tekiniko woona matenda a ubongo ndi maganizo anafunsa mafunso awiri. Kulemera kwa mtima kunayamba liti? Nanga mapiritsi ankamwa nthawi yanji? Funso loyamba palibe amene analiyankha bwino. Wina ankati mwezi wa Julaye, wina ankati ayi, kunayamba kale. Funso lachiwiri linayankhidwa: ankamwa m'mawa uliwonse, ndi phala. Koma pa kathumba ka mapiritsi panalembedwa m'Chipwitikizi kuti azimwa usiku pogona. Kathumba kameneko mayiwa ankakamanga pa nsonga ya nsalu yawo, ndipo ankalowa nako m'kalasi mwathu tsiku lililonse. Ife, odziwa kuwerenga Chipwitikizi, tinali pomwepo. Sitinafunse, iwonso sanationetse.

N'chifukwa chake taima pano lero.

Choyamba timvetsetsane za matendawa. Khunyu ndi matenda a ubongo. Ubongo umagwira ntchito ndi timphamvu ta magetsi tochepa kwambiri, timene timayenda mwa dongosolo, ngati anthu olima pa dima, aliyense mzere wake. Nthawi zina timphamvuto timabuka tonse pamodzi ngati moto wa tchire mu Okutobala. Pamenepo munthu amagwa, amaphupha, kapena amangoti duu osamva kanthu. Zoyambitsa zilipo zingapo: malungo aakulu okhudza ubongo paubwana, kubadwa movutikira, kuvulala m'mutu. Kuno ku Angónia, kumene timaweta nkhumba zambiri, akatswiri anafufuza napeza kuti ena amagwa chifukwa cha njoka ya m'mimba ija imene imabweretsa masese m'nyama ya nkhumba. Timazira take timatuluka m'chimbudzi cha munthu, timalowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi kapena m'manja osasamba, kenaka tizilombo take timakakhazikika mu ubongo. Nkhani ya zimbudzi ndi makola tidzaikamba tsiku lina. Chofunika lero ndi ichi: matendawa sapatsirana. Malovu a wodwala sapatsira, mpweya wake supatsira, mbale yake sipatsira.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, la OMS, limanena kuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu. Limanenanso kuti pa odwala 10 alionse, mpaka 7 akhoza kukhala osagwa ngati alandira mankhwala oyenera ndi kumwa mosadumphitsa. Kuyambira 2014 Unduna wa Zaumoyo wa dziko lathu, mothandizana ndi bungweli, unayamba kuphunzitsa ogwira ntchito a m'zipatala zazing'ono za m'maboma ena kuti azizindikira ndi kuchiza khunyu pafupi ndi anthu. Tsono mankhwalawa si mdani wathu. Amene anaona mwana atagwera m'chitsime, kapena mayi atapsa pa mafuwa, amadziwa mtengo wake wa mwezi umodzi wosagwa.

Koma pali chinthu chimene anthu ambiri sauzidwa polandira kathumba kaja. Ife timati wapsa mtima, wataya mtima, mtima wake uli m'malo. Timaika zonse pa mtima. Madokotala amati chimwemwe, mkwiyo, tulo ndi chisoni zimaphikidwa mu ubongo momwemo, m'mene mumayambira kugwa. Ntchito ya mankhwala a khunyu ndi kuziziritsa ubongo kuti moto usabuke. Mukathira madzi pa moto, nkhuni zapafupi zimanyowa nazo. Choncho mankhwala amene aletsa kugwa akhoza kukhudzanso tulo ta munthu, changu chake ndi mtima wake. Sizichitika kwa onse. Ambiri amamwa zaka ndi zaka popanda vuto. Koma kwa ena zimachitika, ndipo si ufiti, si ulesi, si mwano.

Tsopano tiphunzire mayina. Tiwalemba pa bolodi monga momwe amalembedwera pa timatumba ta kufarmasiya, kuti mukawaona muwazindikire.

Mayi aja ankamwa fenobarbital. Awa ndi mankhwala akale kwambiri. Poyamba anali mankhwala ogonetsa. Mu 1912 dokotala wina wa ku Germany, Alfred Hauptmann, anawapereka kwa odwala khunyu kuti azigona usiku, ndipo anaona kuti kugwa kwawo kwachepa. Mwamva? Anayamba ngati ogonetsa. N'zosadabwitsa kuti munthu wowamwa m'mawa amasinza masana. Ubwino wake ndi woti ndi otsika mtengo, amakhalitsa m'thupi, ndipo kawirikawiri munthu wamkulu amamwa kamodzi patsiku, usiku. Amatenga milungu iwiri kapena itatu kuti akhazikike m'magazi, ndipo kusinza kwa masiku oyamba nthawi zambiri kumachepa thupi likazolowera. Koma kwa akuluakulu ena amabweretsa mphwayi, kuiwalaiwala ndi mtima wolemera umene suchoka wokha.

Kwa ana, mankhwala omwewa amatha kuchita zosiyana. M'malo mogona, mwana sakhazikika. Amathamangathamanga, amamenya anzake, amalira pa kanthu kakang'ono, samva akamauzidwa. Makolo amati mwana wayamba mwano, n'kuthyola mkwapulo. Tikupemphani, amayi ndi abambo: mwana wofatsa akasintha chonchi atangoyamba mapiritsi, mkwapulo uyambe wadikira. Pitani naye kaye kwa amene anapereka mankhwalawo. Auzeninso aphunzitsi ake kusukulu, kuti asamulembe m'buku monga tinachitira ife.

Ena mwa inu mudzaona dzina loti carbamazepina. Poyamba amatha kuchititsa chizungulire, kusinza, ndi kuona chinthu chimodzi ngati ziwiri. Pa nkhani ya mtima kawirikawiri savuta kwambiri, ndipo madokotala amawaperekanso kwa anthu amene mtima wawo umakwera ndi kutsika mopitirira. Choopsa chake chili pakhungu. Wodwala akatuluka zidzolo, thupi n'kutentha, m'kamwa kapena m'maso n'kutuluka zilonda, musadikire mawa. Pitani tsiku lomwelo.

Palinso valproato de sódio. Nawonso kawirikawiri savuta pa mtima, ngakhale ena amanenepa nawo kapena kunjenjemera manja. Koma amayi ndi atsikana mumve bwino: mankhwala amenewa amavulaza mwana ali m'mimba. Pa ana 10 obadwa kwa amayi amene ankawamwa ali oyembekezera, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi chilema, ndipo enanso amachedwa kulankhula ndi kuphunzira. Mayi amene akufuna mwana anene kuchipatala asanaime. Amene waima kale asasiye yekha, koma athamangire kuchipatala akamuthandize.

Dzina lomaliza ndi levetiracetam. Awa ndi atsopano. Analoledwa ku America mu 1999, ndipo mu 2023 OMS inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Amaletsa kugwa bwino, koma amadziwika ndi chinthu chimodzi: mtima wapachala. Munthu woleza amayamba kukalipa chifukwa cha mchere wochepa m'ndiwo. Akatha kukalipa amachita manyazi, osamvetsa chimene chamugwira. Tawatchula chifukwa ena ali ndi abale m'tauni kapena ku Joni amene amawatumizira mankhwala. Mankhwala otumiziridwa akaonetsedwe kaye kuchipatala.

Musatimve ngati tikuti awa ndi abwino, awa ndi oipa. Mbewu imene yachita bwino m'dimba la mnzanu ikhoza kukana m'munda mwanu. Alipo anthu ambiri amene fenobarbital anawabwezera moyo, ndipo alibe dandaulo.

Tinenenso chilungamo china. Si kulemera kwa mtima konse kumene kumachokera ku mapiritsi. Matenda eni ake amalemeretsa mtima. Ofufuza anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi odwala khunyu amakhala ndi matenda a chisoni chosatha. Ena amakwiyakwiya kukatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti agwe. Ena akagwa amakhala masiku angapo ali khuma. Ndiye pali ife, anthu a m'mudzi. Timamupatsa mbale yakeyake. Timamukaniza kunyamula khanda. Mnyamata akafuna kufunsira mbeta, timanong'oneza kwa akuchikazi. Ena mpaka amati munthu akapsa ndi moto sachiranso, ndipo mawu amenewo amawalankhula mwini chipsera akumva. Mtima wa ndani sungalemere? Pamenepa piritsi lilibe mlandu. Mlandu ndi wathu.

Nanga tidziwa bwanji ngati ndi mankhwala, kapena matenda, kapena zochita za anthu? Funso limeneli ndi limene tekiniko uja anafunsa, ndipo banja lonse linasowa yankho. Mutu wa munthu umaiwala. Kope siliiwala. Apa m'pamene sukulu yathu ino ikulowa m'nkhaniyi.

Mayi aja atatuluka m'chipatala tinapita kunyumba kwawo kukapepesa. Tinatenga kope latsopano. Tinajambula mizere, tinagawa tsamba m'zigawo zinayi: tsiku, kumwa, kugwa, mtima. Madzulo aliwonse, asanagone, ankalemba mzere umodzi. Mizere yake inali yonga iyi:

Lolemba. Ndamwa. Sindinagwe. Wolemera.
Lachiwiri. Ndamwa. Sindinagwe. Wolemera, ndalira.
Lachitatu. Ndamwa. Sindinagwe. Bwino pang'ono.

Palibe mawu ovuta pamenepa. Ambiri a inu mutha kuwalemba lero lomwe. Amene simunafike pa mawu, gwiritsani zizindikiro. Jambulani mwezi ngati mwamwa. Ikani mtanda ngati mwagwa. Pa mtima jambulani dzuwa likakhala tsiku labwino, mwala likakhala lolemera, moto likakhala la mkwiyo. Mwana wa sukulu akhoza kulembera agogo ake. Mayi akhoza kulembera mwana wake. Ngati usiku simunagone, lembani. Ngati munamwa mowa, lembani, musabise, kopelo si khoti. Amayi alembenso masiku amene ali kumwezi, chifukwa kwa ena kugwa kumatsata masiku amenewo. Ndipo pa tsamba loyamba koperani dzina la mankhwala, nambala imene ili pambali pake, ndi tsiku limene munayamba kumwa kapena limene anakuwonjezerani. Tsiku limeneli ndi lofunika kuposa onse. Ngati miyala ndi moto zayamba kuchuluka patangopita milungu yochepa kuchokera pa tsikulo, wachipatala adzaona yekha.

Ukatha mwezi, tengani kopelo popita kukalandira mankhwala ena. Pano tiime pang'ono, chifukwa tikudzidziwa. Ambiri a ife tikalowa m'chipinda cha dokotala timasanduka ana. Akafunsa kuti, "Mukugwabe?" timati, "Ayi." Akati, "Ndiye zili bwino," timati, "Inde," n'kutuluka ndi mphero yathu pamtima. Timaopa kuti tikadandaula adzati ndife osayamika. Timaona mzere wautali panja, n'kuchita manyazi kuchedwetsa anzathu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wachipatala amaona kugwa kokha ngati inu simunena zina. Konzekerani mawu anu muli kunyumba. Nenani kuti, "Kugwa kwasiya, ndathokoza. Koma chiyambire mankhwalawa mtima wanga wasintha. Onani m'kopemu." Ngati wachipatalayo samva Chinyanja bwino, tengani wokumasulirani amene mumamukhulupirira, kapena pemphani APE wa m'mudzi mwanu akuthandizeni. Ngati sanakumvereni ulendo woyamba, nenaninso ulendo wachiwiri, ndipo pemphani kuonana ndi tekiniko wa matenda a ubongo ndi maganizo.

Wachipatala ali ndi njira zingapo. Akhoza kusintha nthawi yomwera. Akhoza kuchepetsa mlingo pang'onopang'ono. Akhoza kukusamutsirani ku mankhwala ena, akuwonjezera atsopano uku akuchepetsa akale, kwa milungu ingapo. Akaona kuti chisoni ndi matenda apaokha, chilinso ndi chithandizo chake. Pamene muli m'chipindamo, nenaninso mankhwala ena onse amene mukumwa. Fenobarbital ndi carbamazepina amafooketsa mapiritsi akulera ndi kachipangizo kakulera koika pamkono, ndipo amasokonezana ndi ena mwa ma ARV. Zimenezi zili ndi pokonzera, koma pokhapokha mutanena.

Njira zonsezi ndi za wachipatala. Njira imene si yanu ndi imodzi: kusiya nokha mwadzidzidzi. Ubongo umene wazolowera mankhwala, mukauchotsera tsiku limodzi, umabuka kuposa kale. Ndi zimene zinawachitikira mayi aja. Kugwa kopitirira mphindi 5, kapena kugwa kobwerezabwereza munthu asanatsitsimuke, kumapha. Zikatero mugonekeni chammbali, musaike supuni kapena chala m'kamwa mwake, musamumwetse kanthu, ndipo funani chonyamulira msanga.

Kusiya mwadzidzidzi kumabweranso m'njira ina, imene si kufuna kwa wodwala. Mapiritsi amatha mvula ili pakati, mtsinje utadzaza. Nthawi zina munthu amayenda mtunda wonsewo n'kupeza kuti kufarmasiya mankhwala ake kulibe. Zimenezi zimapweteka, ndipo sitikuuzani kuti sizichitika. Chimene tingathe ndi kuwerenga. Werengani mapiritsi otsala, ndipo akatsala a mlungu umodzi, nyamukani. Mukapeza kulibe, musabwerere chete. Funsani kumene angapezeke ndi chimene muchite podikira. Musabwereke a mnzanu, chifukwa mapiritsi oyera amafanana maonekedwe koma si amodzi. Za asing'anga ndi mapemphero sitikangana nanu pano. Aliyense ali ndi chikhulupiriro chake. Koma munthu aliyense wokuuzani kuti tayani mapiritsi kuti muonetse chikhulupiriro, mufunseni ngati adzakoka ngolo usiku umenewo.

Pali nkhani ina yovuta kuitchula pagulu, koma tiitchula. Nthawi zina mtima umalemera mpaka munthu kuganiza zodzipha. Mu 2008 bungwe loona za mankhwala ku America linachenjeza kuti mwa anthu omwa mankhwala a khunyu, ochepa amabweredwa ndi maganizo otere. Ndi ochepa, koma mmodzi akakhala wa m'nyumba mwanu si wochepa. Mukamva m'bale wanu akuti, "Kuli bwino ndingofa," kapena, "Ndakutopetsani, posachedwa mupumula," musaseke, ndipo musamukalipire. Khalani naye pansi, mumufunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikubzala maganizowo. Kumamutsegulira pakamwa. Akavomera, asakhale yekha. Mapiritsi ake asunge munthu wina, azimupatsa a tsiku limenelo okha, chifukwa fenobarbital wambiri nthawi imodzi amapha. Mankhwala ophera tizilombo m'munda ndi m'nkhokwe achotsedwe m'nyumba. Ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku lolembedwa pa khadi.

Nanga masiku wamba, podikira kuti mwezi ukwane, banja lingachite chiyani? Zambiri ndi zazing'ono. Wodwala azigona nthawi imodzi usiku uliwonse, chifukwa kusowa tulo kumaitana kugwa ndi mkwiyo womwe. Kuchezera pamaliro usiku wonse mumukhululukire, apite m'mawa. Kachasu ndi kabanga asiye. Mowa ukakumana ndi fenobarbital, tulo timakhala toopsa, ndipo mowa ukamatuluka m'thupi kugwa kumabwera. Musamulande khasu. Pamoto, pachitsime ndi pamtsinje akhale ndi mnzake, inde, koma munthu womukhazika pakhonde tsiku lonse ngati chipika mtima wake umalemera kawiri. Mutengeni kumunda, kumsika, kuno kusukulu.

Mkwiyo ukabwera, musauyankhe ndi mkwiyo. Banja lina limene tikulidziwa linapangana chizindikiro. Bambo akamva kuti mtima wayamba kutentha, amatenga chipewa n'kupita kukaona mbuzi. Mayi akaona chipewa chachoka pa msomali, sawatsata ndi mawu. Nkhaniyo amadzaikamba madzulo. Koma tisanamizane. Mankhwala si chilolezo chomenyera mkazi kapena mwana. Munthu akafika pokweza dzanja, nkhaniyo ipite kuchipatala msanga, ndipo ankhoswe adziwe. Womenyedwa asauzidwe kuti apirire chifukwa mnzake ndi wodwala.

Mwina mukufunsa kuti mayi aja zinawathera bwanji. Atayamba kumwa usiku, kusinza kwa masana kunachepa. Koma mphero ija sinachoke. Pa masiku 30 a m'kope mwawo, mawu oti "wolemera" analembedwa ka 22. Tekiniko anawerenga tsamba lonse, mzere ndi mzere, ndipo anaganiza zowasamutsira ku carbamazepina. Kusamukako kunatenga pafupifupi miyezi iwiri. Pakati pake anagwa kamodzi, ali kumunda ndi mwana wawo wamkazi, ndipo sanavulale. Tsiku limenelo achibale anayambanso kulankhula zolodzedwa. Mayiwo sanataye mapiritsi. Analemba m'kope kuti "ndagwa", napita nalo kuchipatala.

Sitinena kuti zonse zinatha. Masiku olemera akadalipo, koma tsopano amawerengeka ndi zala za dzanja limodzi pa mwezi. Amuna awo sanazolowerebe kudya nawo mbale imodzi pamaso pa alendo. Kusukulu anabwerera, ndipo pamene brigada inkachoka m'mudzimo anali atayamba kuwerengera amayi anzawo timatumba ta mankhwala, a malungo ndi a ana omwe. Mawu aja tinalemba m'buku la mayina anali a inki, sanafufutike. Tinangowadula ndi mzere, ndipo akuonekabe.

Sitifunsa pano kuti ndani ali ndi wodwala kunyumba. Amene muli ndi kathumba kamene simutha kukawerenga, tipezeni tikaweruka, kapena titumireni mwana, tidzabwera kwanu.

Tsopano tsegulani makope, pitani pa tsamba lomaliza. Aliyense ajambule mizere itatu yotsika, kuti tsamba ligawike panayi. Amene mulibe rula, gwiritsani m'mphepete mwa kope la mnzanu. Mawu oyamba a lero ndi awa, tiwerenge pamodzi: nda-mwa. Ndamwa.